Mmene mungatsatire kiriketi ya maiko ang'onoang'ono osazungulira mutu

Mu October 2024 mnzanga wina ananditumizira sikirinishoti pa WhatsApp, inali ndi manambala awiri basi, Zimbabwe 344, Gambia 54, ndiye pansi pake analembapo kuti "aise tandiuza, Zimbabwe ikutani kusewera ndi Gambia, si akuluakulu amenewa?" Ndinayamba kumuyankha ndi voice note koma itafika mphindi 6 ndinaona kuti ndikungomusokoneza, nde ndinaichotsa. Vuto lake ndi loti gemu ngati imeneyo sungaimvetse poyang'ana mayina a matimu. Umayenera udziwe kaye kuti akusewerawo ali pa sitepe iti ya makwerero, ndipo wopambana akwera kupita kuti, wogonja agwera kuti. Ukadziwa zimenezo, ngakhale gemu ya Jersey ndi Kuwait imakukhazika pansi mpaka nsima kuzizira.

Tiyambe ndi nkhani ya magulu a mamembala, ndi yachidule. Bungwe loyendetsa kiriketi padziko lonse, ICC, lili ndi mamembala a mitundu iwiri. Pali akuluakulu 12 omwe amasewera gemu ya masiku 5 ija ya Test: India, Australia, England, South Africa, New Zealand, Pakistan, Sri Lanka, West Indies, Bangladesh, Zimbabwe, Ireland ndi Afghanistan. Ena onse, oposa 90, amatchedwa ma Associate, ndipo ife a Malawi tili mommo limodzi ndi Mozambique, Tanzania, Kenya, Uganda, Namibia, Nepal, Scotland, Netherlands, USA ndi ena ambirimbiri. Kale kunali gulu lachitatu la ma Affiliate koma analithetsa mu 2017, choncho mukaliona mu nkhani zakale musadabwe. Zambia inachotsedwa mu ICC mu 2021 kenako anaibwezera mu 2025.

Funso loyamba nthawi zonse: ndi maova angati?

Musanafunse china chilichonse za gemu yomwe mwaiona pa foni, onani ngati ndi ya maova 20 kapena 50 (ova imodzi ndi mipira 6 yoponyedwa, ndipo gemu ya maova 20 ndi yomwe imatchedwa T20). Chifukwa makwerero alipo awiri osiyana, ndipo anthu ambiri amasokonezeka powaphatikiza. Makwerero a maova 50 amapita ku World Cup yaikulu ija yochitika zaka 4 zilizonse, ndipo ndi a dziko lonse, mumakumana ndi aliyense kaya wa ku Asia kaya wa ku Ulaya malinga muli pa sitepe imodzi. Makwerero a maova 20 amapita ku T20 World Cup yomwe imabwera zaka 2 zilizonse, ndipo amayenda m'zigawo, Africa payokha, Asia payokha, Ulaya, America, ndi zilumba za ku Pacific. Dziko limodzi litha kukhala pamwamba pa makwerero ena koma pansi pa enawo, monga Italy yomwe inapeza malo ku T20 World Cup ya 2026 pomwe ku maova 50 ili mu ligi ya m'munsi.

Makwerero a maova 50

Apa ndi pomwe pali nkhani yeniyeni ndiye ndichedwapo. Ganizirani mmene mpira wathu umayendera, pali ligi yaikulu, pansi pake pali ma ligi a m'zigawo, omwe achita bwino amakwera, omwe athera kumchira nkhwangwa imawadutsa. Kiriketi inatengera nzeru yomweyo koma matimu ake ndi maiko.

Kuyambira 2007 mpaka 2019 dongosolo lake linkatchedwa World Cricket League, ndipo panthawi ina linafika madivishoni 8. Divishoni iliyonse nthawi zambiri inali ndi matimu 6, amakumana m'dziko limodzi kwa sabata imodzi yokha, aliyense kusewera ndi mnzake, awiri apamwamba kukwera, awiri apansi kutsika. Sabata imodzi abale. Kaputeni adwale m'mimba masiku awiri kapena mvula igwe pa tsiku lolakwika, zaka ziwiri zonse zapita m'madzi. Zinali zankhanza koma zokoma kuonera. Mozambique inasewerako Division Five mu 2008, Zambia inasewerako Division Eight ku Kuwait mu 2010, kotero si nkhani ya kutali kwenikweni.

Amene aliyense amamutchula pa nkhani imeneyi ndi Afghanistan, ndipo mpake. Mu 2008 anali mu Division Five yomweyo pa kachilumba ka Jersey, limodzi ndi Mozambique, Botswana, Japan, Norway ndi ena, anapambana fainolo movutikira pogonjetsa eni bwalo ndi mawiketi 2 okha. Chaka chomwecho anapita ku Dar es Salaam kukatenga Division Four, January 2009 anali ku Buenos Aires kutenga Division Three, pofika April 2009 anali ku South Africa mu mpikisano wopezera malo ku World Cup. Malowo sanawapeze, anathera pa nambala 5, koma anapatsidwa chilolezo choti magemu awo aziwerengedwa ngati ODI, kutanthauza magemu ovomerezeka a maova 50 a pakati pa maiko. Kuchoka pansi kufika pamenepo pasanathe chaka. Mu 2017 analowa m'gulu la akuluakulu limodzi ndi Ireland, mu 2023 anakwapula England ndi Pakistan ku World Cup, ndipo mu 2024 anafika semifainolo ya T20 World Cup atagwetsa Australia panjira.

Koma musamangouzidwa za okwera. Kenya inagonjetsa West Indies ku World Cup ya 1996, inafika semifainolo mu 2003, ndipo ndi iyo inapambana Division One yoyamba ku Nairobi mu 2007. Pofika 2014 chilolezo cha ODI chinawachokera, ndipo panopa akulimbana ndi Denmark ndi Qatar mu ligi ya m'munsi. Makwerero omwewo.

World Cricket League inatsekedwa ndi Division Two ya ku Windhoek mu April 2019, pomwe Namibia, Oman, Papua New Guinea ndi USA anapeza ODI. Zomwe zilipo panopa ndi masitepe awa, ndiwayala kuchokera pamwamba.

Pamwamba penipeni ndi World Cup. Ya 2027 ichitikira ku South Africa, Zimbabwe ndi Namibia, matimu 14. South Africa ndi Zimbabwe alowa ngati eni mudzi, matimu ena 8 alowa potengera mndandanda wa ICC wosanja matimu malinga ndi mmene akuchitira, malo 4 otsalawo ndi omwe aliyense akuthamangira. Chodabwitsa n'choti Namibia, ngakhale ikulandira nawo alendo, sinapatsidwe malo aulere, iyenera kudutsa m'makwerero ngati wina aliyense chifukwa si membala wamkulu. Ine zimenezi ndimaziona ngati kuphikitsa munthu phwando pakhomo pake kenako n'kumuuza kuti agule tikiti, koma malamulo ake ndi amenewo.

Pansi pake pali Qualifier, matimu 10, ndi pomwe akuluakulu omwe sanakwanitse kulowa mwachindunji amakumana ndi ma Associate amphamvu. Yomaliza inachitikira ku Zimbabwe mu June ndi July 2023, ndibwereranso ku imeneyi chifukwa inaphunzitsa anthu masamu.

Kenako League 2. Iyi ndi ligi yeniyeni, imatenga zaka pafupifupi 3. Ulendo uno muli matimu 8: Canada, Namibia, Nepal, Netherlands, Oman, Scotland, UAE ndi USA, inayamba mu February 2024 ku Kirtipur ku Nepal. Samasewera onse pamodzi, amakumana atatuatatu m'dziko limodzi, timu iliyonse kusewera magemu 4 pa ulendo umodzi, mpaka aliyense akwanitse magemu 36. Ndiye mukaona tebulo la League 2 chinthu choyamba kuyang'ana si mapointi koma kuti timu yasewera magemu angati, chifukwa wina atha kukhala pamwamba atasewera 24 pomwe womutsatira wasewera 16, ndipo mwezi wamawa zinthu n'kutembenuka. Anayi apamwamba amapita ku Qualifier molunjika, anayi apansi amapita ku Play-off kukamenyera moyo wawo. Magemu onse a League 2 ndi ma ODI.

Ligi yapitayo, ya 2019 mpaka 2023, inali ndi matimu 7 ndipo Scotland ndi yomwe inatenga. Koma chomwe anthu amakumbukira ndi Nepal, yomwe inali kumchira anthu atataya kale mtima, kenako inapambana magemu 11 mwa 12 omaliza n'kulanda nambala 3. Gemu yomaliza ndi UAE ku Kirtipur anthu anadzaza bwalo mpaka ena kukwera m'mitengo ndi pamadenga a nyumba zozungulira. Ngati mukufuna timu yoti muziikonda mu ligi imeneyi ndipo mulibe chifukwa china, tengani Nepal, masapota ake amafanana ndi athu a mpira, phokoso lokhalokha.

Pansi pa League 2 pali Challenge League, matimu 12 m'magulu awiri a 6. Gulu A muli Denmark, Jersey, Kenya, Kuwait, Papua New Guinea ndi Qatar, gulu B muli Bahrain, Hong Kong, Italy, Singapore, Tanzania ndi Uganda. Gulu lililonse limakumana katatu, aliyense kusewera magemu 5 pa ulendo, onse pamodzi 15. Awiri apamwamba a gulu lililonse amakalowa Play-off ija kukakumana ndi anayi apansi a League 2. Magemu a kuno si ODI, amalembedwa ngati List A, ndiye mukamafufuza pa intaneti n'kuona kuti wosewera wa Uganda alibe ODI ngakhale imodzi musaganize kuti sasewera maova 50.

Play-off imeneyo ndi malo oopsa kwambiri pa makwerero onse, chifukwa kupatula kupita ku Qualifier, pamakhala pakugawidwanso chilolezo cha ODI ndi malo mu League 2 yotsatira. Ya 2023 inachitikira ku Namibia, USA ndi UAE anapitilira, Canada inakwera n'kutenga ODI, Papua New Guinea inatsika. Ndipo kutsika kumeneku si nkhani ya manyazi chabe, ndalama zomwe ICC imapereka ku bungwe la dziko zimayendera limodzi ndi sitepe yomwe muli, ndiye kutsika ndi makontrakiti a osewera kutha, kochi kupita, anyamata kubwerera ku ntchito zawo za masana. Ambiri mwa osewera a kuno ndi anthu oti amapempha holide kwa abwana kuti akaimilire dziko.

Nanga Malawi ili pati pamenepa? Pa makwerero a maova 50 sitilipo. Khomo lolowera ndi kampikisano kena kotchedwa Challenge League Play-off, komwe anayi othera pansi mu Challenge League amakumana ndi maiko ena osankhidwa potengera malo awo pa mndandanda wa T20 komanso ngati kwawo kuli ligi yokhazikika ya magemu aatali. Yomaliza inali ku Malaysia kumayambiriro kwa 2024, ndipo aneba athu a Tanzania analowera pomwepo. Ndiye mukaona anyamata athu akusewera T20 ndi Mozambique kapena Eswatini musanene kuti ndi gemu yachibwana, mapointi a pa mndandanda amenewo ndi omwe tsiku lina angatigogodere khomo la makwerero enawo.

Makwerero a maova 20, komwe kuli ife

Chinthu chomwe chinasintha zonse ndi chigamulo cha ICC cha mu 2018 choti T20 iliyonse ya pakati pa mamembala ake iziwerengedwa ngati gemu yovomerezeka ya pakati pa maiko, azimayi kuyambira July 2018, abambo kuyambira January 2019. Zisanatero gemu ya Malawi ndi Mozambique inali ngati ya pa dambo, palibe amene ankailemba m'mabuku. Magemu athu oyamba ovomerezeka anali a Kwacha Cup ndi Mozambique mu November 2019 konkuno, ndipo kuchokera pamenepo marani a Sami Sohail ndi mawiketi a Moazzam Baig amalembedwa m'buku lomwelo momwe muli a katswiri wa ku India Virat Kohli.

Ku Africa masitepe ndi awiri. Poyamba pali ma Sub-regional, magulu A, B ndi C, lililonse matimu pafupifupi 6, amakumana malo amodzi kwa sabata, nthawi zambiri Kigali, Nairobi, Dar es Salaam kapena ku Nigeria. Awiri apamwamba a gulu lililonse amapita ku fainolo ya chigawo, komwe amapeza matimu omwe anasewera World Cup yapita akudikira. Pa fainolo ya chigawoyo awiri apamwamba amapita ku World Cup, yomwe kuyambira 2024 ili ndi matimu 20. Basi, ndi zokhazo, sabata ziwiri zabwino ndipo muli ku World Cup.

Tsopano yankho la mnzanga uja. Mu November 2023 ku Windhoek, pa fainolo ya Africa, Uganda inagonjetsa Zimbabwe, ndipo omwe anapita ku World Cup ya 2024 anali Namibia ndi Uganda, Zimbabwe inatsala. Chilango chake chinali kukayambira pansi penipeni ulendo wotsatira, nde ndi chifukwa chake mu October 2024 anapezeka ku Nairobi m'gulu limodzi ndi Gambia, Seychelles, Rwanda, Mozambique ndi Kenya. Sikandar Raza wa Zimbabwe anamenya 133 pa mipira 43 osatuluka, timu inafika 344, Gambia n'kuthera pa 54. Sanali kuchitira nkhanza ana dala, anali kubweza ngongole ya ku Windhoek.

Ife ulendo womwewo tinali m'gulu A ku Dar es Salaam mu September 2024, ndi Tanzania, Ghana, Cameroon, Lesotho ndi Mali. Tinathera pa nambala 2 kumbuyo kwa Tanzania, zomwe zinatipatsa malo ku fainolo ya Africa ku Harare mu 2025, pamodzi ndi Zimbabwe, Namibia, Uganda, Kenya, Nigeria, Botswana ndi Tanzania. Kumeneko Zimbabwe ndi Namibia ndi omwe anadutsa. Koma tangoganizani, tinali sitepe imodzi kuchokera ku World Cup, ndipo anthu ambiri kuno sanadziwe n'komwe kuti timu inanyamuka.

Kuwerenga tebulo

Mapointi ndi osavuta, kupambana 2, gemu ikalephereka chifukwa cha mvula aliyense 1, kugonja palibe kanthu. Chomwe chimazunguza ndi kandime kakumapeto kolembedwa NRR, kokhala ndi manambala ngati +0.742 kapena -1.305. Imeneyi ndi ngati kusiyana kwa zigoli mu mpira, imagwira ntchito matimu akafanana mapointi, ndipo m'mipikisano ya sabata imodzi zimenezi zimachitika pafupipafupi.

Kawerengedwe kake: tengani marani onse omwe timu yapeza mugawe ndi maova omwe yamenya, kenako tengani marani onse omwe yapereka mugawe ndi maova omwe yaponya, chotsani yachiwiriyo pa yoyambayo. Tinene timu yathu yamenya 160 m'maova 20, ndiye kuti ndi 8 pa ova. Adani atuluka onse pa 100 m'maova 15. Apa ndi pomwe pali msampha, simugawa 100 ndi 15 ayi, timu ikatuluka yonse amaiwerengera ngati yamenya maova onse 20, ndiye ndi 100 kugawa 20, yomwe ndi 5. NRR yathu ndi 8 kuchotsa 5, +3.0. Msampha wachiwiri ndi kadontho, ova imakhala ndi mipira 6 ndiye mukaona 42.5 si 42 ndi theka, ndi maova 42 ndi mipira 5, kutsala mpira umodzi kuti akwane 43. Mukalowetsa 42.5 mu calculator mmene ilili mupeza zabodza, muyenera kugawa 5 ndi 6 kaye. Ine ndinalimbanapo ndi munthu pa gulu la WhatsApp usiku wonse ndikumuuza kuti tebulo ndi lolakwika, pomwe wolakwa ndinali ine ndi kadontho kameneka.

Kuti muone kuti masamu amenewa amapha, bwererani ku Qualifier ya ku Zimbabwe ya 2023. West Indies, omwe anatenga World Cup ziwiri zoyambirira, anamenya 374 ku Harare, Netherlands n'kumenyanso 374 yomweyo, mu super over, ova yoonjezera yopezera wopambana matimu akafanana, Logan van Beek wa Netherlands anakwapula marani 30 pa mipira 6, kenako Scotland inawamaliza ndipo West Indies inalephera kupita ku World Cup koyamba. Malo amodzi anatenga Sri Lanka, otsalawo ankalimbirana Zimbabwe, Scotland ndi Netherlands. Scotland inagonjetsa Zimbabwe ku Bulawayo, ndiye pa gemu yomaliza Scotland inamenya 277 posewera ndi Netherlands. Kwa Netherlands kupambana kokha sikunali kokwanira, ankayenera kufika 278 maova 44 asanathe kuti NRR yawo ipose ya Scotland. Bas de Leede wa Netherlands, yemwe anali atatenga kale mawiketi 5 tsiku lomwelo, anamenya 123, ndipo Netherlands inamaliza pa maova 42.5. Matimu atatu onse anathera pa mapointi 6, wopita ku World Cup ku India anasankhidwa ndi kandime ka NRR kaja. Munthu wongoyang'ana kuti wapambana ndani sakanamvetsa chifukwa chomwe anthu ankakuwira mu ova ya 41 gemu ili ya maova 50.

Ndiye chizolowezi chabwino ndi ichi, tsiku lomaliza la mpikisano lisanafike khalani pansi ndi tebulo, onani omwe angafanane mapointi, ndipo funani kudziwa kuti timu yanu ikufunika kupambana ndi marani angati kapena m'maova angati. Nthawi zambiri owulutsa amanena gemu ikamayamba, koma pa ma Sub-regional si nthawi zonse.

Mvula nayo ili ndi masamu ake otchedwa DLS, omwe amasintha chigoli chofunika kutengera maova otsala ndi mawiketi omwe agwa. Awa musayese kuwerengera pamanja, amachita pa kompyuta. Chongofunika kudziwa n'choti mitambo ikayamba kuda, timu yomwe ikuthamangitsa imayenera kukhala pamwamba pa nambala yotchedwa par, ndipo wiketi ikagwa nambalayo imalumpha. Ku Harare mu 2018 Scotland inaluza malo a World Cup kwa West Indies ndi marani 5 pa DLS, mawa lake Zimbabwe inaluza kwa UAE ndi marani 3, bwalo litadzaza, anthu analira misozi yeniyeni.

Za mayina omwe mungadabwe nawo

Mudzaona wosewera yemwe munamuona ndi South Africa atavala yunifomu ya Namibia, monga David Wiese, kapena Corey Anderson wa ku New Zealand akusewera USA, n'kumati kodi apa sipali chinyengo. Lamulo limalola munthu kuimira dziko ngati anabadwiramo, ali ndi pasipoti yake, kapena wakhalamo zaka 3. Wochoka ku timu yaikulu kupita ku ya Associate amadikira zaka 3 kuchokera pa gemu yake yomaliza, koma wochoka ku Associate kupita ku yaikulu sadikira, zomwe zimapangitsa kuti ang'onoang'ono azilera ana akuluakulu n'kumakolola. Ngakhale ife tili naye Daniel Jakiel yemwe anayamba wasewera Zimbabwe. Matimu ngati UAE, Oman ndi Canada ali ndi osewera ambiri omwe anakulira ku India ndi Pakistan, pomwe Nepal, Papua New Guinea ndi Uganda ambiri ndi ophunzirira kwawo konko. Anthu amakangana kwambiri pa nkhani imeneyi, ine maganizo anga ndi oti bola mwana wa m'dzikomo akhale ndi njira yolowera, zinazo ndi malamulo ndipo aliyense amawagwiritsa ntchito.

Kowonera ndi kotsatira

Magemu amenewa pa TV samaoneka kawirikawiri. Komwe muyenera kuyamba ndi ICC.tv, mumalembetsa ndi imelo ndipo magemu a League 2, Challenge League ndi ma qualifier a m'zigawo ambiri amaonetsedwa pamenepo. Musayembekezere zithunzi ngati za IPL, ligi yaikulu ya ku India, nthawi zina kamera ndi zochepa, mpira ukapita kumalire umangomva owulutsa akunena kuti wadutsa, koma zimaoneka. Mabungwe ena a maiko amaika magemu awo pa YouTube kapena Facebook, makamaka timipikisano ta maiko awiri kapena atatu tomwe si ta ICC. Tsatirani tsamba la bungwe la kiriketi la kuno ndi la maiko oyandikana nafe, ndi komwe ndandanda imayamba kutulukira.

Nkhani ya bandulo ndiyofunika kuilingalira. T20 imatenga maola 3 kapena kuposerapo, ya maova 50 ndi tsiku lonse, maola 7 mpaka 8, ndiye kuonera yonse pa foni ndi kuwotcha ndalama. Zomwe ndimachita ine, ndimatsatira pa ESPNcricinfo pomwe amalemba sikoo mpira uliwonse ndipo sizidya data, kenako ndimatsegula vidiyo maova 5 omaliza okha ngati gemu yafika pothina, nditatsitsa quality mpaka pansi. Ndinaphunzira mowawa, tsiku lina ndinaonera kuyambira pa toss mpaka ova ya 17 ya timu yachiwiri, kutatsala marani 20 ndi mawiketi 3, bandulo n'kutha, zotsatira ndinakazimva m'mawa. Kwa okonda kuwerenga mozama pali tsamba la Emerging Cricket lomwe limalemba makamaka za ma Associate, ndipo masamba a Wikipedia a mipikisano imeneyi amakhala ndi tebulo komanso kajambula kosonyeza wokwera ndi wotsika, amathandiza kwambiri ukasochera.

Pofufuza gwiritsani ntchito dzina lenileni la mpikisano, chifukwa mukangolemba kuti Africa qualifier mudzapeza ya abambo, ya azimayi, ya Under-19 ndi ya zaka zakale zonse zitasakanikirana. Lembani chaka cha World Cup yomwe akulimbirana, osati chaka chomwe gemu ikuseweredwa, mwachitsanzo mpikisano wa ku Dar es Salaam wa 2024 uja umalembedwa pansi pa T20 World Cup ya 2026. Azimayi nawo ali ndi makwerero awo a T20, ku Africa amagawidwa Division One ndi Division Two, kayendedwe kake ndi kofanana, apamwamba a Two amakwera kukakumana ndi a One.

Chomaliza ndi nthawi, chifukwa ndandanda nthawi zina imalemba nthawi ya komwe kukuseweredwako. Harare, Windhoek ndi Kigali nthawi yawo ndi yofanana ndi yathu, palibe chowerengera. Nairobi, Kampala ndi Dar es Salaam ali patsogolo ndi ola limodzi, ndiye gemu ya 9:30 kumeneko ndi 8:30 kuno. Oman ndi UAE ali patsogolo ndi maola 2. Nepal ndiye yachilendo, ili patsogolo ndi maola 3 ndi mphindi 45, kotero gemu yoyamba 9:30 m'mawa ku Kirtipur kuno imakhala 5:45, tchajani foni usiku ndipo muike alamu. Za ku USA ndi Canada zimayamba kuno madzulo n'kutha pakati pa usiku, zimenezo ine ndimangoona sikoo kukacha.